Aqueduct: bwalo la mjaha wa mahatchi la ku New York ndi kasino yake. Mafunso ndi mayankho

Kodi Aqueduct ndi chiyani, ndipo ili kuti?

Ndi bwalo lothamangitsirapo mahatchi lomwe lili m'dera la South Ozone Park, ku Queens, mumzinda wa New York ku America. Lili pafupi kwambiri ndi bwalo la ndege la JFK, moti munthu akakhala pamipando yoonerera amaona ndege zikutsika chapafupi pomwepo mahatchi ali pa liwiro. Anthu a kumeneko amangolitchula kuti The Big A. Mwa mabwalo onse a mjaha wa mahatchi omwe anali mkati mwa mzindawu, ndi lokhali lomwe linatsala. Kuyambira mu 2011, mbali ina ya nyumba yake yoonerera inasanduka kasino yotchedwa Resorts World New York City.

Dzinali linachokera kuti?

Linachokera ku madzi. Aqueduct ndi mawu otanthauza ngalande yomangidwa yonyamula madzi akumwa, ndipo cha m'mphepete mwa malowa munkadutsa ngalande yotenga madzi ku Long Island kupita nawo ku Brooklyn. Bwaloli linatsegulidwa pa 27 Seputembala 1894 ndi gulu lotchedwa Queens County Jockey Club. Nthawi imeneyo kuno kunali kuminda, Queens isanakhale n'komwe mbali ya mzinda wa New York, zomwe zinachitika mu 1898. Bwalo loyambalo linali laling'ono komanso lonyozeka. Eni mahatchi olemera ankapita ku Sheepshead Bay ndi ku Gravesend, kenako ku Belmont Park itatsegulidwa mu 1905. Mabwalo awiri oyambawo anatha kalekale, pamalo pake pali nyumba za anthu, koma kabwalo konyozeka kaja kanapitirira mpaka kudutsa zaka 130.

Ndamva kuti panali nthawi ina mjaha unaletsedwa. N'zoona?

Chomwe chinaletsedwa ndi kubetcha, koma zotsatira zake zinali zomwezo. Mu 1908 boma la chigawo cha New York, bwanamkubwa wake ali Charles Evans Hughes, linakhazikitsa lamulo la Hart-Agnew loletsa juga pa mabwalo a mahatchi, ndipo mu 1910 linakhwimitsidwa kuti eni bwalo nawonso azimangidwa ngati anthu apezeka akubetcha pamalo pawo. Mu 1911 ndi 1912 panalibe mjaha m'chigawo chonsecho. Eni mahatchi ena anatumiza ziweto zawo ku Ulaya. Khoti litafewetsa kamasuliridwe ka lamulolo, mjaha unabwerera mu 1913.

Apa m'pamene pali mutu wa nkhani yonse ya Aqueduct. Anthu okonda kungoona hatchi ikuthamanga alipo, koma ndi ochepa moti sangalipire udzu wodyetsa mahatchiwo. Bwalo limadya ndalama za obetcha. Obetcha akachoka, geti limatsekedwa.

Nanga kubetcha pa hatchi kumayenda bwanji? Kodi ndi chimodzimodzi ndi kubetcha mpira?

Ayi, n'zosiyana. Pobetcha mpira mumalimbana ndi kampani, yomwe imakuuziranitu zomwe mupate mukawina. Pa mahatchi ku New York, kuyambira mu 1940, amatsata njira yotchedwa pari-mutuel, yomwe inayambira ku France. Ndalama za onse obetcha zimaponyedwa m'thumba limodzi. Bwalo limayamba latapamo gawo lake, lomwe limagawidwa ku boma, ku mphoto za eni mahatchi ndi kuyendetsera bwalolo. Zotsalazo amagawana amene anasankha hatchi yopambana.

Tiyerekeze kuti m'thumba mwalowa madola 1,000 ndipo bwalo latapa 160. Zatsala 840. Ngati onse amene anabetcha pa hatchi yopambana anaponya madola 420, ndiye kuti dola iliyonse ibweza madola awiri. Koma ngati hatchiyo inali yonyozeka, anthu anangoponyapo madola 42 okha, dola iliyonse ibweza 20. N'chifukwa chake manambala a pa bolodi amasinthasintha mpaka mageti oyambira atsegulidwe. Bwalo lilibe nazo ntchito kuti yapambana iti. Chomwe limafuna n'chakuti thumba likule.

Bwalo lomwe lilipo lero ndi lomwe lija la 1894?

Malo ndi omwewo koma zomangidwa n'zina. Mu 1955 mabwalo anayi a m'chigawochi, Aqueduct, Belmont, Jamaica ndi Saratoga, anaikidwa m'manja mwa bungwe limodzi losapanga phindu, lomwe pambuyo pake linatchedwa New York Racing Association, mwachidule NYRA. Bungweli linagwetsa Aqueduct yakale n'kumanga yatsopano ndi ndalama zoposa madola 30 miliyoni, mapulani ake atajambula Arthur Froehlich. Inatsegulidwa pa 14 Seputembala 1959 pamaso pa anthu oposa 40,000. Chaka chomwecho bwalo la Jamaica linatsekedwa, ndipo pamalo pake panamangidwa nyumba zogonamo za Rochdale Village. Njira yaikulu yothamangamo ndi yadothi, kuzungulira kamodzi ndi makilomita pafupifupi 1.8.

Zaka za m'ma 1960 ndiye zinali za mwanaalirenji. Pa 31 Meyi 1965 panalowa anthu 73,435 kudzaonera hatchi yotchedwa Gun Bow ikupambana mpikisano wa Metropolitan Handicap. Kuyambira 1963 mpaka 1967, Belmont Park ili mkati momangidwanso, mpikisano wotchuka wa Belmont Stakes unkachitikira pa Aqueduct pomwepa.

Ndi mahatchi ati otchuka amene anathamangapo?

Pafupifupi onse amene dziko la America limawakumbukira. Mu Julayi 1920, Man o' War, yomwe inapambana mipikisano 20 mwa 21 pa moyo wake, inakumana ndi hatchi yotchedwa John P. Grier pa mpikisano wa Dwyer Stakes. Zinalipo ziwiri zokha, chifukwa eni mahatchi ena sanafune kuchita manyazi. John P. Grier inalimbana nayo mutu ndi mutu mpaka chakumapeto, kenako Man o' War inaisiya.

Pa 10 Juni 1944 panachitika zodabwitsa pa mpikisano wa Carter Handicap. Mahatchi atatu, Brownie, Bossuet ndi Wait a Bit, anafika pamzere mphuno zili pamodzi, moti ngakhale chithunzi chinalephera kuwalekanitsa. Onse atatu analengezedwa kuti apambana.

Mu 1968 hatchi yotchedwa Dr. Fager inathamanga mamita pafupifupi 1,400 pa mphindi imodzi ndi masekondi 20.2 itasenza makilogalamu 63. Pa mipikisano ngati umenewu, yotchedwa handicap, hatchi yamphamvu amaiwonjezera zitsulo zolemera m'chishalo kuti zinzake zikhale ndi mwayi, ndipo katundu ameneyu anali wosaneneka. Mu 1994 Cigar, yomwe inkalephera pa njira yaudzu, inayesedwa padothi la Aqueduct n'kuyamba kupambana kotsatizana komwe kunafika ka 16. Mpikisano wina waukulu wa pabwaloli unapatsidwa dzina lake, Cigar Mile.

Nanga Secretariat?

Hatchi iyi ikufunika funso lakelake, chifukwa Aqueduct inaona kuyamba kwake, kupunthwa kwake ndi kutsanzika kwake. Mpikisano wake woyamba unali pa 4 Julayi 1972. Itangotuluka pageti inagundidwa ndi inzake, n'kutsalira kumbuyo, ndipo ngakhale inathamanga zoopsa chakumapeto inathera pa nambala 4. Patangopita masiku 11 inabwerera pabwalo lomweli n'kupambana mosavuta.

Mu Epulo 1973, patatsala milungu iwiri kuti mpikisano waukulu wa Kentucky Derby uchitike, inalowa mu mpikisano wa Wood Memorial aliyense akuyembekeza kuti ingodutsa. Inakhala yachitatu, kumbuyo kwa Angle Light ndi Sham. Anthu anayamba kunong'ona kuti hatchiyi ndi yakamtunda kochepa chabe. Pambuyo pake zinadziwika kuti inali ndi chithupsa m'kamwa, moti chitsulo cha pakamwa chinkaipweteka. Itachira inatenga Kentucky Derby, Preakness ndi Belmont Stakes, womalizawu n'kusiya inzake yachiwiri ndi mtunda wa mahatchi 31 atandondozana. Pa 6 Novembala 1973 anaibweretsa ku Aqueduct, osati kudzapikisana, koma kuti anthu aitsanzike isanapite kukhola lobereketsera ku Kentucky.

Ngati zinthu zinali bwino chonchi, chinalakwika n'chiyani?

Obetcha anapeza kwina kotayira ndalama, ndipo mbali yaikulu ya kwinako inatsegulidwa ndi boma lomwelo. Mu 1967 New York inayambitsa lotale. Mu 1971 mzinda unatsegula timaofesi tobetchera mahatchi m'misewu, totchedwa OTB, moti munthu sankafunikanso kukwera sitima kupita ku Queens. Mu 1978 makasino anatsegulidwa ku Atlantic City, ulendo wa maola ochepa pa basi, ndipo m'ma 1990 anatsegulidwa ena akuluakulu ku Connecticut. Kenako panabwera kuonera pa kanema ndi kubetcha pa foni ndi pa intaneti.

Panalinso za nyengo. Mu 1975 anamanga njira yamkati yopirira chisanu kuti mjaha uzichitika m'miyezi yozizira, popeza boma limapeza msonkho tsiku lililonse lomwe mahatchi athamanga. Kuchokera apo Aqueduct inakhala bwalo la m'nyengo yachisanu, cha m'ma Novembala mpaka Epulo. Saratoga inatenga miyezi yotentha ndi azimayi a zipewa zazikulu, Aqueduct n'kutsala ndi mphepo yochokera ku Jamaica Bay.

Tsiku la pakati pa mlungu mu Januwale linkaoneka chonchi: mipando masauzande ili mbee, nkhunda zili m'denga, anthu ochepa aunjikana mkati pansi pa makanema atavala majekete okhuthala. Ambiri ndi abambo achikulire, ndipo ochuluka ndi ochokera ku Jamaica, ku Trinidad ndi ku Guyana, popeza madera oyandikira monga Richmond Hill ndi kwawo kwa anthu amenewa. Mahatchi akakhota kona yomaliza, ena amathamangira panja kumpanda, akumenya ntchafu ndi kabuku ka mipikisano kopindidwa ngati kuti chikwapu chili m'manja mwawo. Masekondi 20 akatha kumakhala zii, timatikiti tong'ambidwa tili mbwee pansi, wina akuwerama kutolatola kuti mwina wina wataya yowina.

Chomvetsa chisoni, kapena choseketsa, n'chakuti khamu lalikulu kuposa onse pabwaloli silinabwerere mahatchi. Pa 6 Okutobala 1995 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anachita Misa pamenepa pamaso pa anthu pafupifupi 75,000.

Ndiye kasino inabwera bwanji?

Inabwera ngati mankhwala. Kumapeto kwa 2001, patangopita milungu yochepa chichitikireni chiwembu cha zigawenga cha pa 11 Seputembala, boma la New York linali pa usiwa wa ndalama ndipo linavomereza kuti mabwalo ena a mahatchi aike makina a juga. Mabwalo ang'onoang'ono anayamba mu 2004, ndipo la ku Yonkers linatsegula mu 2006. Koma Aqueduct, yomwe inali pamalo onona kuposa onse, inadikira zaka 10.

Zaka zimenezo zinali za mpungwepungwe. Kampani ya MGM inasankhidwa koyamba koma ntchito sinayende. NYRA yokha inagwa ndi ngongole mu 2006, ndipo potuluka mu 2008 inavomera kuti malo a mabwalo ake onse atatu ndi a boma, posinthana ndi chilolezo choyendetsa mjaha kwa zaka 25. Kampani ya Delaware North inasankhidwa mu 2008 koma inalephera kupeza ndalama zomwe inalonjeza. Mu Januwale 2010 bwanamkubwa David Paterson ndi atsogoleri a nyumba ya malamulo anasankha gulu lotchedwa Aqueduct Entertainment Group, koma pofika Malichi chisankhocho chinathetsedwa, ndipo lipoti la mkulu wofufuza za boma lomwe linatuluka chaka chomwecho linadzudzula kuti ndale ndi kukonderana zinalowerera pa kasankhidweko.

Pomaliza inapambana ndi Genting, kampani ya ku Malaysia yomwe inayambitsidwa ndi Lim Goh Tong, mwini wa kasino ya pamwamba pa phiri ku Genting Highlands. Inalipira boma madola 380 miliyoni isanayambe n'komwe kumanga. Kasino inatsegulidwa pa 28 Okutobala 2011 ndi makina oposa 2,000, anthu atapanga mizere yaitali panja, ndipo pomatha chakacho makinawo anali pafupifupi 5,000.

Panali amene anataya kanthu kasinoyo itabwera?

Oyamba anali a kaunjika. Kwa zaka zoposa 30, pamalo oimikapo magalimoto pabwaloli pankachitika msika waukulu, wa ogulitsa mazanamazana, ambiri a iwo obwera kuchokera ku Caribbean ndi ku Asia. Ankagulitsa zovala, nsapato, mapoto, zonunkhira ndi zina zotero. Mu Disembala 2010 anauzidwa kuti asamuke. M'mwezi womwewo timaofesi ta OTB ta mumzinda wa New York tinatsekedwanso chifukwa cha ngongole.

N'chifukwa chiyani ena ankati si kasino yeniyeni?

Chifukwa malamulo aakulu a New York pa nthawiyo sankalola kasino ya malonda, koma ankalola lotale ya boma yothandiza sukulu. Ndiye akatswiri a malamulo anapeza kachipata. Makina a pa Aqueduct ankaoneka, kulira ndi kuthwanima ngati makina a juga a ku Las Vegas, koma pa lamulo anali makina a lotale. Onse anali olumikizidwa ku kompyuta imodzi ya boma, ndipo zotsatira zinkachokera kumeneko. Zithunzi za zipatso zozungulira pagalasi zija zinali zongokometsera. Masewera a patebulo monga roulette ndi baccarat analipo, koma oyendetsedwa ndi makina, popanda munthu wogawa makadi. Kwa amene akutaya ndalama, kusiyanaku kulibe tanthauzo. Ine ndimaona kuti linali bodza lamkunkhuniza lomwe aliyense anavomera kukhulupirira.

Ndalama zake zimapita kuti?

Pa nthawi ya makina a lotale aja, pa zomwe zinkatsala owina atalipidwa, gawo lalikulu kuposa onse, loposa magawo 40 pa 100 alionse, linkapita ku thumba la maphunziro la boma la New York. Genting inkatenga lake. Gawo lina linkapita ku mjaha: kuwonjezera mphoto za mipikisano, kukonzera mabwalo a NYRA ndi kuthandiza oweta mahatchi m'chigawochi. Kasinoyi inafulumira kukhala imodzi mwa zopanga ndalama zambiri za makina m'dziko lonse la America, zomwe sizodabwitsa mukaganiza kuti ili mumzinda wa anthu oposa 8 miliyoni ndipo sitima imafika pakhomo.

Otsutsa amafunsa kuti, bwanji ndalama za agogo amene akudina batani m'kasino zizidyetsa mahatchi a anthu olemera, m'malo moti zonse zipite kusukulu? A mjaha amayankha kuti popanda bwalo lawo kasinoyo sikanaloledwa, ndiponso kuti mjaha umalemba ntchito anthu masauzande, osamalira makola, alimi a udzu, osula nsapato za mahatchi ndi madokotala a ziweto. Onse ali ndi mfundo. Koma n'zoonekeratu kuti anthu a m'kasino sakuwoloka kukaonera mahatchi monga ankayembekezera. Nyumba ndi imodzi, koma uku kuli kapeti ndi magetsi othwanima, uko kuli simenti yozizira.

Ndiye kuti mahatchi anapindula?

Eni ake anapindula msanga. Mahatchiwo, chaka choyamba, ayi. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Kuti mumvetse, dziwani kuti mipikisano yambiri ya m'nyengo yachisanu ndi ya mahatchi otsika mtengo, ndipo lamulo lake n'lakuti hatchi iliyonse yolowa imakhala pa malonda pa mtengo wolengezedweratu. Cholinga n'choti munthu asalowetse hatchi yapamwamba pakati pa zofooka, poopa kuti agulidwa motchipa. Mwachizolowezi mphoto imakhala yofananirako ndi mtengo wa hatchiyo, choncho mwini amaisamala. Ndalama za kasino zitalowa, mphoto zinakwera mwadzidzidzi mpaka kuposa mtengo wa hatchi kangapo. Ndiye taganizirani mwini yemwe hatchi yake ikutsimphina pang'ono. Akaipumitsa, akudyetsa pachabe. Akaibaya jakisoni wochotsa ululu n'kuithamangitsa, akhoza kupata ndalama zogulira mahatchi ena awiri kapena atatu.

M'nyengo yachisanu ya 2011 mpaka 2012, mahatchi 21 anafa atathyoka pa mipikisano ya pa Aqueduct. Bwanamkubwa Andrew Cuomo analamula kafukufuku, ndipo gulu lofufuzalo linapeza kuti imfa zoposa theka zikanapewedwa. Linatchula mphoto zokwera mosagwirizana ndi mtengo wa mahatchi, mankhwala obisa kuvulala, ndiponso kuti madokotala oyeza mahatchi anali pansi pa ofesi yomwe ntchito yake inali kudzaza mipikisano. Panatsatira lamulo loti mphoto isapose kuwirikiza kawiri mtengo wa hatchi, malamulo a mankhwala anakhwimitsidwa, ndipo mu 2012 momwemo boma linatenga ulamuliro wa bodi ya NYRA kwa zaka zingapo.

Kupatula juga, pamalowa pachitikanso chiyani?

Mu 1985 panachitikira mipikisano ikuluikulu ya mahatchi yotchedwa Breeders' Cup, m'chaka chake chachiwiri. Mu Januwale 2012 Cuomo analengeza kuti Genting imangapo holo yamisonkhano yaikulu kuposa zonse ku America, koma pofika Juni nkhaniyo inafera m'mazira. Mu 2021 nyumba yoonerera inakhala malo obayira katemera wa Covid-19, ndipo chaka chomwecho panatsegulidwa hotela ya Hyatt Regency ya zipinda 400.

Tsogolo la bwaloli ndi lotani?

Mu 2013 anthu a ku New York anavota kusintha malamulo aakulu kuti makasino enieni asanu ndi awiri aloledwe. Anayi oyamba anamangidwa kutali ndi mzinda. Atatu otsalawo anali a mzinda ndi madera ozungulira, ndipo mu Disembala 2025 ziphaso zake zinaperekedwa: chimodzi ku Resorts World pa Aqueduct, china ku kasino yodzamangidwa pafupi ndi bwalo la masewera a baseball la Citi Field ku Queens komweko, china ku Bronx. Apa ndiye kuti makadi ogawidwa ndi munthu aloledwa, kachipata ka lotale kaja sikakufunikanso.

Za mahatchi zinagamulidwa kale. Mu 2023 boma linabwereketsa NYRA madola 455 miliyoni kuti igwetse ndi kumanganso Belmont Park, yokhala ndi njira yothamangamo chaka chonse. Pa nthawi yomangayo mipikisano ya Belmont inasamukira ku Aqueduct, monga zinachitikira m'ma 1960, kupatula Belmont Stakes yomwe ulendo uno inapita ku Saratoga. Mgwirizano wake unali wakuti Belmont yatsopano ikatsegulidwa mu 2026, mjaha pa Aqueduct utha ndipo malowo abwerera ku boma. Kasino inabwera ngati mlendo wogona pakhonde la mahatchi, lero mwini nyumba ndi amene akumanga katundu.

Munthu amafikako bwanji?

Pa sitima ya mumzinda ya mzere wa A, yolowera ku Rockaway. Pali masiteshoni awiri oyandikana. Ya Aqueduct Racetrack ili ndi pokwerera mbali imodzi yokha, ya sitima zopita ku Manhattan, ndipo kale inkatsegulidwa masiku a mjaha okha. Kuchokera mu 2013 imakhala yotsegula tsiku lililonse, usana ndi usiku, ndipo pali kamlatho kofoleredwa kochokera pasiteshoni kukalowa m'kasino. Ngati mukuchokera ku Manhattan, tsikirani pa Aqueduct–North Conduit Avenue n'kuyenda wapansi pang'ono.